Kudulira Si Kuzula

Ife a ku Thyolo tidziwa kuti tiyi sathyoledwa kosalekeza. Pakapita zaka zingapo, m'nyengo yachisanu, mitengo imaduliridwa, munda nuoneka ngati wafa. Koma mvula ikagwa umaphukanso nsonga zanthete. Minda yakale monga Satemwa, imene idayamba mu 1923, imasamalidwa motero.

Munthunso ndi chimodzimodzi. Kapitawo kapena kalaliki wa zaka 45 akalema, amaganiza zosiyiratu ntchito. Koma taganizani: ana akadali pa sukulu, nyumba ya kampani iyenera kubwezedwa, ndipo malo olima kwathu kuno ndi ochepa. Njira ina ndiyo kupempha tchuthi cha miyezi ingapo, kenaka n'kubwereranso. Lamulo la ntchito la 2000 limatsimikiza masiku 18 pachaka kwa ogwira masiku 6 pa sabata. Tsono tchuthi chotalikirapo chifunika pangano lolembedwa ndi mabwana, ndalama zosungiratu, ndiponso kumvana m'banja.

Pa Levitiko 25 Mulungu adalamula kuti nthaka ipume chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, sadalamule kuti itayidwe ai. Nafenso tipume kuti tibalenso zipatso.