Katemera wa malungo ku Nsanama: zimene mayi amamva pa sikelo

Katemera wa malungo amene ana a ku Nsanama, m'boma la Machinga, amalandira saperekedwa kamodzi. Mwana amabayidwa ali ndi miyezi 5, kenako 6, kenako 7, ndipo komaliza akakwanitsa miyezi 22. Maulendo atatu oyambawo savuta kwenikweni, chifukwa amagwa pa nthawi imene amayi ambiri amakhala akubwerabe ku sikelo mwezi ndi mwezi. Ulendo wachinayi ndiwo uli ndi nkhani. Pakati pa jakisoni wachitatu ndi wachinayi pamadutsa miyezi 15, nthawi yokwanira kuti mwana ayambe kuyenda, dzinja lathunthu lidutse, mwanayo adwale kangapo, mwinanso mayi akhale ndi pathupi pena. Chimene mayi amatsala nacho pa miyezi yonseyi ndi tsiku lolembedwa m'kabuku ka mwana, ndi mawu amene adamva kwa munthu amene adabaya jakisoniyo.

Mawu amenewo ndi mbali ya katemera. Kafukufuku wa Wellcome Global Monitor wa 2018, amene adafunsa anthu m'mayiko oposa 140, adapeza kuti anthu 73 pa 100 alionse amakhulupirira dokotala kapena namwino kuposa wina aliyense pa uphungu wa zaumoyo. Kumidzi ya Machinga ndi Balaka, "adokotala" amene mayi amakumana nawo kawirikawiri ndi mlangizi wa zaumoyo, amene ambiri amamutchula kuti HSA. Iyeyu ndiye amabaya ana ambiri, ndipo ndiye amafunsidwa mafunso amene anthu amaopa kufunsa kuchipatala chachikulu ku Liwonde.

Mmene katemerayu adafikira

Malawi ndi dziko loyamba kupereka katemera wa RTS,S kudzera m'ndondomeko ya masiku onse ya katemera wa ana. Ntchitoyi idayamba pa 23 Epulo 2019, ndipo Ghana ndi Kenya adatsatira chaka chomwecho. Maboma 11 ndiwo adasankhidwa, ndipo Machinga, Balaka ndi Mangochi adali m'gululo. M'maboma amenewa madera adagawidwa pawiri mwa maere: ena adayamba kupereka katemera, ena adadikira kuti pakhale poyerekezera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza katemerayu mu Okutobala 2021, ndipo madera odikira aja adayamba kulandira kumapeto kwa 2022.

Kwa zaka zitatu ndi theka, tsono, mayi ankatha kumva kuti mwana wa mchemwali wake, wa m'boma lomwelo, sakubayidwa jakisoni amene wake akubayidwa. Funso loti "kodi akuyesera pa ana athu?" silidali lachibwana, ndipo likumvekabe. Lili ndi yankho loona. Katemerayu adayesedwa kale pakati pa 2009 ndi 2014, pa ana oposa 15,000 m'mayiko asanu ndi awiri a mu Africa, ndipo Lilongwe adali amodzi mwa malo a kafukufukuyo. Chimene chinkafufuzidwa kuyambira 2019 chidali china: ngati katemera wa maulendo anayi angatheke pa sikelo wamba, ngati angachepetse imfa, ndiponso ngati pangaoneke mavuto amene kafukufuku woyamba adasiya mafunso, monga matenda oumitsa khosi ndi malungo a mu ubongo. Pa ana ochuluka amene adalandira m'mayiko atatuwo, sipadaoneke umboni woti katemerayu amabweretsa mavuto amenewa. Mlangizi amene akudziwa mbiri imeneyi amayankha mosatekeseka. Amene sakuidziwa amangoti "ndi lamulo la boma", ndipo yankho lotere limathirira manyowa mphekesera.

Katemera woteteza pang'ono

Udzudzu ukaluma munthu, tizirombo ta malungo timalowa m'magazi n'kuthamangira ku chiwindi, kumene timaswana tisanabwerere m'magazi kudzayambitsa matenda. RTS,S amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuzindikira tiziromboti pa ulendo wopita ku chiwindi uja. Ulendowu ndi waufupi, ndipo tizirombo towerengeka chabe tikapulumuka, mwana angadwalebe. Chitetezocho chimachepanso miyezi ikamapita, ndipo n'chifukwa chake pali jakisoni wachinayi.

Pa kafukufuku wamkulu uja, ana amene adalandira kanayi adadwala malungo mocheperako ndi pafupifupi 4 pa 10, ndipo malungo aakulu adachepa ndi pafupifupi 3 pa 10, pa zaka zinayi. Poyerekeza ndi katemera wa chikuku, amene akaperekedwa kawiri amateteza ana pafupifupi 97 pa 100, ziwerengerozi zimaoneka zazing'ono. Koma malungo amagwira mwana mmodzi kambirimbiri, makamaka m'madera a madambo a mpunga cha ku nyanja ya Chilwa ndi Chiuta kapena m'mbali mwa Shire, choncho kuchepetsako pang'ono kumapulumutsa ambiri. Zotsatira za m'mayiko atatu aja, zimene zidalengezedwa mu 2023, zidasonyeza kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zidatsika ndi 13 pa 100, ndipo ana ogonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu adachepa ndi 22 pa 100.

Vuto la mlangizi lili apa. Anthu adazolowera kuti mwana wobayidwa katemera wa chikuku sadwala chikuku. Akamva kuti "katemera wa malungo", amaganiza chimodzimodzi. Pa tsiku la sikelo, mzere ukatalika ndipo dzuwa likakwera, n'kosavuta kunena mwachidule kuti mwana akabayidwa sadzadwalanso malungo. Mawuwa amakopa tsiku lomwelo, koma ndi ngongole imene idzabwezedwa m'dzinja. Mwana akadwala mu Febuluwale, akayezedwa n'kupezeka ndi malungo, n'kupatsidwa LA, mayi amakhala ndi umboni m'manja woti adanamizidwa. Sabwera kudzakangana. Amangosiya kubwera, ndipo anzake a pa mjigo amamva chifukwa chake.

Chilankhulo chimawonjezera mfundo ina imene mabuku ophunzitsira, olembedwa m'Chingerezi, saiona. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, "malungo" si matenda a udzudzu okha. Kutentha thupi kulikonse, kuphwanya m'thupi, kuzizidwa, zonsezi anthu amati malungo. Mwana wa chibayo, wa chimfine kapena wa matenda a m'khutu, kunyumba amati wadwala malungo. Katemera amene amateteza pang'ono ku matenda amodzi amaweruzidwa ngati kuti adalonjeza kuthetsa kutentha thupi konse. Choipirapo n'chakuti katemerayo angatenthetse thupi tsiku limodzi kapena awiri, ndiye agogo amati jakisoni wa malungo wam'patsa mwana malungo. M'mawu awo sakunama.

Njira yotulukira ndi kunena zoona tsiku loyamba, jakisoni asanalowe. Sizitenga nthawi yaitali: "Mayi, jakisoniyu amachepetsa malungo aja a udzudzu, makamaka aakulu aja ogonetsa m'chipatala, koma mwana angathe kudwalabe. Apitirize kugona m'masikito. Akatentha thupi tsiku lililonse, mubwere naye ayezedwe, musati poti adabayidwa." Mayi amene wamva zimenezi, mwana akadzadwala amaona kuti adokotala adanena zoona, ndipo chikhulupiriro chake chimakula m'malo mochepa.

N'chimodzimodzi ndi zotsatira za jakisoni. Kutupa pang'ono pamalo obaya, kulira ndi kutentha thupi zimachitika ndipo zimatha zokha. Mwa apo ndi apo, kutentha thupi kumafika pokomola mwana m'masiku asanu ndi awiri oyamba. Pa kafukufuku uja izi zidachitika pafupifupi kamodzi pa majakisoni 1,000, ndipo kawiri kapena katatu pa 1,000 pa jakisoni wachinayi, koma anawo adachira popanda chilema. Ena amaopa kuti kutchula zimenezi kuthawitsa amayi. Koma mwana wokomoka usiku, makolo ake osachenjezedwa, amatengeredwa kwa sing'anga, ndipo pofika m'mawa mudzi wonse wamva kuti ndi jakisoni. Makolo ochenjezedwa amathamangira kuchipatala, kumene mwana amayezedwanso malungo ndipo nkhaniyo imalembedwa m'fomu ya zovuta zotsatira katemera, monga Unduna wa Zaumoyo umafunira.

Ana obwezedwa pakhomo la chipatala

Nthawi zambiri mwana wosabayidwa amawerengedwa ngati wa makolo okana. Sizikhala choncho nthawi zonse. Mu 2015 bungwe la WHO lidachita kafukufuku ku Malawi ndi ku Chad wofufuza ana amene afika pachipatala ali oyenera katemera koma n'kubwerera osabayidwa. Ku Malawi, ana awiri mwa atatu alionse oyenera katemera adabwerera akusowa katemera mmodzi kapena kuposa, ndipo zinkachitika kwambiri mwana akabwera ndi matenda osati kudzabayitsa. Pafupifupi 9 mwa ogwira ntchito 10 amene adafunsidwa sadathe kutchula molondola zifukwa zenizeni zoletsa kubaya mwana katemera.

Kafukufukuyu adachitika katemera wa malungo asanabwere, koma phunziro lake likukhudza jakisoni wachinayi mwachindunji. Chimfine, chifuwa chochepa, kutsegula m'mimba pang'ono kapena kunyentchera si zifukwa zobwezera mwana. Chifukwa chenicheni ndi monga mwana amene thupi lake lidakana kwambiri katemera yemweyo ulendo wapitawo. Wodwala kwambiri amangodikira kuti achire. Mwana wochedwa sayambiranso poyamba, amapitiriza pamene adalekera, bola pakati pa jakisoni ndi mnzake padutse masabata anayi. Mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana kumsana n'kuuzidwa kuti "mwachedwa, tsiku lanu lidadutsa", kapena kukalipiridwa pagulu chifukwa kabuku kadanyowa, amatenga uthenga umodzi wokha, woti kuchedwa n'kulakwa. Akadzachedwanso sabwera n'komwe. Mwana wa zaka ziwiri amafika kuchipatala kawirikawiri akadwala, osati pa tsiku la sikelo, ndiye namwino kapena dokotala amene akulemba mankhwala akatsegula tsamba la katemera, ana ambiri a jakisoni wachinayi angapezeke pomwepo.

Amene amamva uthenga si mayi yekha

Ku Nsanama mabanja ambiri amalankhula Chiyao kunyumba. Mayi angathe kugwedeza mutu pa uphungu wa m'Chichewa chifukwa cha ulemu, atamva theka lokha. Funso loti "mwamva?" limayankhidwa kuti "eya" nthawi zonse. Kumupempha kuti anene yekha mwezi umene adzabwerenso, kapena chimene adzachite mwana akatentha thupi, kumaonetsa msanga pamene uthenga wasokonekera. Apa mavolontiya ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, amene amalankhula chilankhulo cha pakhomo, ali ndi mphamvu imene mlangizi wochokera kutali alibe.

Komanso m'dera la chikamwini mwana amakulira pakati pa abale a mayi ake. Agogo aakazi ndi amalume ali ndi mawu. Bambo, amene mwina ali ku Joni, amatumiza ndalama pamodzi ndi mauthenga a pa WhatsApp. Mphekesera zambiri za nthawi ya Covid-19, zoti katemera amatseka kubereka kapena ndi chizindikiro cha 666, zidayenda m'njira zoterezi, ndipo mu Meyi 2021 dziko lidawotcha katemera 19,610 wa AstraZeneca amene nthawi yake idatha asanabayidwe. Mantha amenewo sadathe ndi mliriwo. Chitsatireni, makomo omwewo afikiridwa ndi makampeni a poliyo kuyambira 2022, a kolera pa mliri umene wodwala wake woyamba, wochokera ku Balaka, adapezeka pa chipatala cha boma la Machinga mu Malichi 2022, ndi a tayifodi mu 2023. Bambo wofunsa kuti "bwanji akatemera achuluka chonchi?" akufunsa zimene waona ndi maso ake. Kumuseka n'kumutaya. Kumufunsa chimene wamva, kwa yani, n'kumuyankha mfundo imeneyo yokha, kumagwira ntchito kuposa kumuwerengera ubwino wonse wa katemera. Mashehe, abusa ndi mafumu akafotokozeredwa bwino, kuphatikizapo zoti katemerayu amateteza pang'ono, uthenga wawo wa ku mzikiti ndi kutchalitchi sudzatsutsana ndi zimene anthu adzaone m'dzinja.

Volontiya sayenera kudziwa zonse. Akafunsidwa chimene sakuchidziwa, kunena kuti akafunsa kwa alangizi n'kubweradi ndi yankho kumamusungira ulemu kuposa kupeka.

Jakisoni wachinayi ali ndi vuto linanso la kalendala. Katemera wachiwiri wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 15, ndipo amayi ambiri amaona ngati ndiye wotsekera. Ulendo umenewo ndi mwayi womaliza wokumbutsa kuti kwatsala wina pakatha miyezi isanu ndi iwiri. Mlangizi amene amawerengera pasadakhale amaonanso nyengo. Mwana wobadwa mu Malichi amabayidwa atatu oyamba mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, misewu ili youma ndipo m'nkhokwe muli chimanga. Miyezi 22 amaikwanitsa mu Januwale wa chaka chachiwiri, mitsinje itadzaza, mayi ali pa ganyu kapena akubandira m'munda, udzudzu uli pachimake. Kwa mayi ameneyu, tsiku lolembedwa m'kabuku silikwanira. Amafunika kumva mu Okutobala kuti jakisoni wotsalayo adzagwa mvula ili mkati, kuti sikelo ya m'mudzi yapafupi ndi iti, ndiponso kuti ngati mtsinje udzamutsekereza, adzabwere mwezi wotsatira ndipo mwana adzabayidwa.