Ku Salamanca, Chichewa ndicho chikundiphunzitsa Chisipanishi

Aliyense amene ndinamuuza kuti ndikupita ku Spain kukaphunzira Chisipanishi ankandiyankha mofanana: "Iwe ndiye sukavutika, Chingerezi umachitha." Miyezi isanu ndi iwiri yatha ndili kuno ku Salamanca, ndipo ndikutha kunena mosakayika kuti chimene chikundinyamula m'kalasi ndi Chichewa chomwechi, chija ena ankachinyoza ku sekondale kuti sichingakupezetse ntchito.

Salamanca ndi mzinda wa kumadzulo kwa Spain, ulendo wa maola pafupifupi awiri ndi theka pa basi kuchokera ku Madrid. Yunivesite yake inayamba mu 1218, ndipo buku loyamba la galamala ya Chisipanishi, lolembedwa ndi Antonio de Nebrija, linasindikizidwa mumzinda momuno mu 1492. N'chifukwa chake alendo ofuna chilankhulochi amakhamukira kuno. M'kalasi mwathu muli anthu a ku China, Japan, Germany, Brazil ndi America. Wa ku Africa ndine ndekha, ndipo ndikanena kuti kwathu ndi ku Malawi, ambiri amagwedeza mutu n'kunena kuti, "Aaa, Mali!" Pano mapu ndimangowasunga pafupi mufoni.

Tsiku la kuno limayenda mwa mtundu wake. Mu Januwale 8 koloko m'mawa imakwana dzuwa lisanatuluke, ndipo kuzizira kwake, kwa ku Dedza mu Juni n'kwamasewera. Makalasi amayamba 9 koloko mpaka cha m'ma 1. Nkhomaliro imadyedwa 2 koloko kapena 3, timashopu tambiri timatseka mpaka cha m'ma 5, ndipo chakudya chamadzulo chimafika patebulo 9 koloko kapena 10 usiku, nthawi imene kwathu mbale zatsukidwa kalekale. Mukapangana ndi mnzanu kuti mukumane, simufunsa n'komwe malo. Aliyense amadziwa kuti ndi pansi pa wotchi ya pa Plaza Mayor.

Koma nkhani yanga ili m'kalasi.

Chisipanishi chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo amamveka ngati mmene timawatchulira ife. Mawu amawerengedwa mmene alembedwera. Anzanga a ku America amatha masabata akulimbana ndi "e" ndi "o" chifukwa pakamwa pawo pamawakhotetsa, pamene ine ndinangowerenga "casa", "mesa", "camino" ngati ndikuwerenga buku la sitandade 2. Mawu ambiri amagogomezedwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga zilili m'Chichewa. Ndiye pali mawu ena amene ukangowamva umaseka wekha: zapato ndi nsapato, carta ndi kalata, batata ndi mbatata, capitán ndi kapitawo. Athuwa tinawatenga kwa Apwitikizi amene ankachita malonda m'chigwa cha Zambezi zaka mazana apitawo, ndipo Chipwitikizi ndi Chisipanishi ndi pachibale.

Izi n'zazing'ono. Chachikulu chinabwera sabata imene aphunzitsi analemba pabolodi aneni awiri amene amaopedwa ndi aliyense wophunzira Chisipanishi: ser ndi estar. M'Chingerezi onsewa ndi "to be" basi, ndiye amene amaganiza m'Chingerezi amalemba mndandanda wa malamulo, kuloweza, mawa lake n'kusokoneza. Koma taonani izi. "Soy estudiante" ndi "ndine wophunzira". "Soy de Malaui" ndi "ndine wa ku Malawi". Pamene "estoy en Salamanca" ndi "ndili ku Salamanca", ndipo "estoy bien" ndi "ndili bwino". Mwaona? Ndine ndi ndili. Palibe Mchewa, ngakhale mwana wa zaka zinayi, amene anganene kuti "ndine bwino" kapena "ndili Mmalawi". Kusiyanitsa chimene munthu ali ndi mmene alili kapena kumene ali, ife tinayamwira. Sizigwirizana paliponse ayi. Chisipanishi chimagwiritsa ser ponena malo amene phwando lichitikire, pamene ife timati phwando lili kwa uje. Komabe m'ziganizo zambiri za tsiku ndi tsiku, ndikangofunsa Chichewa changa, yankho limatuluka lolondola.

Ndi mmenenso zilili ndi mneni tener. Asipanishi amati "tengo hambre", "tengo sed", "tengo sueño", "tengo miedo", "tengo 24 años". Ndili ndi njala, ndili ndi ludzu, ndili ndi tulo, ndili ndi mantha, ndili ndi zaka 24. Liwu ndi liwu, osachotsa kapena kuwonjezera. Wodzera m'Chingerezi amayamba ndi "I am" n'kugwera m'dzenje. Ndipo monga ife sitivutika kunena "ine" nthawi zonse chifukwa "ndi-" wa mu "ndikufuna" wanena kale, nawonso amangoti "quiero" basi.

Kenako pali chilombo chotchedwa subjuntivo, chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri akafika pa mlingo wa B1. Aphunzitsi anafotokoza kwa ola lathunthu kuti ukafuna kuti munthu wina achite chinthu, mneni amasintha mapeto: "hablas" amasanduka "hables", ndiye umati "quiero que hables". Ine ndinalemba pansi pake kuti "ndikufuna kuti ulankhule". Lankhula, ulankhule. A wasanduka e, pa chifukwa chimodzimodzi, pambuyo pa "kuti" amene ndi "que" wawoyo. Aneni ena a Chisipanishi amachita mosemphana, e n'kusanduka a, koma ganizo lake ndi lomwelo. Nditamuonetsa mnzanga wa ku Germany, anandifunsa ngati Chichewa chili ndi buku la galamala loti angagule.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mabuku, mapulogalamu a mufoni ngati Duolingo ndi mavidiyo ambiri a pa YouTube amene ife timawapeza amaphunzitsa Chisipanishi kudzera m'Chingerezi. Mwana wa ku Lilongwe kapena Chipata amazungulira njira yaitali, kuchoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi kenako ku Chisipanishi, chonsecho panali njira yachidule kuseri kwa nyumba.

Musaganize kuti zonse ndi zofewa. Pamene Chichewa chimatitaya ndi pa l ndi r. Kwa ife awiriwa ndi liwu limodzi, ndipo malamulo a kalembedwe amangoti tilembe r pambuyo pa e kapena i, monga mu "lero" ndi "kulira". Kuno ndi malembo osiyana, ndipo r yekhayo alipo wa mitundu iwiri. Pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", perro ndi galu. Caro ndi chinthu chodula, carro ndi ngolo. Pakamwa pa Mchewa, l akatsatira e amathawira yekha ku r, ndiye tsitsi limasanduka "koma" wosazindikira. R wonjenjemera wa mu perro amafuna kuti nsonga ya lilime igunde kangapo kuseri kwa mano a m'mwamba, ndipo minofu imeneyo sitinaigwiritsepo ntchito chibadwire. Za el ndi la, zoti tebulo ndi lalikazi pamene buku ndi lalimuna, n'zoloweza basi, ngakhale kuti munthu amene anakula akunena "munthu wamkulu, chinthu chachikulu, zinthu zazikulu" sadabwa kuti mawu ayenera kugwirizana.

Chovuta china si cha lilime koma cha mumtima. Chisipanishi chili ndi tú ndi usted, monga iwe ndi inu, ndipo poyamba ndinkaona ngati apa ndafika kwathu. Koma ku Spain usted akutha mphamvu. Ophunzira amaitana aphunzitsi ndi dzina loyamba n'kumawauza kuti tú. Mayi eni nyumba imene timachita lendi, amene ndi a msinkhu wa agogo anga, amandidzudzula ndikawapatsa usted, amati ndikuwakalambitsa. Tangoganizani kuwauza agogo anu kuti "iwe, wadzuka bwanji?" Mpaka lero liwu limeneli limatuluka ngati ndikumeza mwala. Ine ndimaona kuti ulemu wathu uli bwino ndipo sindikufuna kuutaya, koma ndaphunzira kuti kuno ulemu amauonetsa m'njira zina, monga kuyang'ana munthu m'maso polankhula, chinthu chimene kwathu mwana akachita kwa wamkulu amatchedwa wamwano.

Tsopano mdani weniweni, amene inu mukuwerenga nkhaniyi mwamugwira m'manja. Kuno Wi-Fi ili m'nyumba, kusukulu ndi mulaibulale, palibe zoti bandulo yatha. Munthu ukhoza kukhala ku Spain chaka chathunthu mutu uli ku Ndirande, kuyambira m'mawa mpaka usiku uli pa magulu a WhatsApp, pa TikTok ndi pa mikangano ya Bullets ndi Wanderers pa Facebook. M'nyumba timakhala ophunzira anayi ochokera m'mayiko anayi, ndipo aliyense akatopa amathawira ku Chingerezi. Ndaona anthu amene alipira ndalama zambiri akubwerera kwawo akungotha kuitanitsa khofi.

Ndiye ndinadziikira malamulo. Foni ndinaisintha kuti izilankhula Chisipanishi. Kuimbira kumudzi ndi Lamlungu masana. Masamba ndi nsomba ndimagula ku Mercado Central, pafupi ndi Plaza Mayor, m'malo mwa supamaketi kumene ungagule zonse osatsegula pakamwa. Kumsikako palibe mzere woonekera. Ukafika umafunsa kuti womaliza ndani, wina amayankha, ndipo iweyo uyenera kuyankha wobwera pambuyo pako. Amayi ogulitsa amalankhula mothamanga ngati wailesi ya mpira, sakudikira kuti utsegule dikishonale. Za mapepala nazonso, kulembetsa ku khonsolo ya mzinda kumene ukukhala ndi kutenga khadi la mlendo lotchedwa TIE, zonse zimachitika m'Chisipanishi, ndipo mawu akuti "cita previa", kutanthauza kupangana tsiku pasadakhale, umawadziwa sabata yoyamba.

Za nsima musadandaule. M'timashopu ta anthu a ku Latin America muli ufa woyera wa chimanga wa Harina P.A.N., umene anthu a ku Venezuela ndi Colombia amapangira arepa. Ndi wophikaphika kale, ndiye umalimba msanga ndipo fungo lake ndi lina, koma ukauvundula bwino ndi mthiko, pambali pali sadini ndi masamba a acelga, Loweruka limakoma. Mwini shopuyo, bambo wa ku Venezuela, ndi amene ndimacheza naye nthawi yaitali kuposa aliyense, ndipo iye usted wanga amamulandira bwinobwino.

Zonsezi zili ndi tsiku lake lowerengera. Mu Meyi ndikulemba mayeso a DELE a mlingo wa B2, amene satifiketi yake imaperekedwa ndi Instituto Cervantes, ndipo yunivesite ya Salamanca yomweyi imathandiza kuwakonza ndi kuwachonga. Ali ndi zigawo zinayi: kuwerenga, kumvetsera, kulemba ndi kulankhula. Zigawozi amaziphatikiza ziwiriziwiri, ndipo pa gulu lililonse uyenera kupeza mamalikisi 30 mwa 50. Kukhoza kwambiri mbali imodzi sikungakupulumutse ukagwa mbali inayo. Popanda B2 sindingalowe maphunziro a masters amene ndinabwerera, ndipo kulephera kukutanthauza kulipiranso, kudikira miyezi ina, lendi ikuwerengabe m'mayuro pamene amene akundithandiza kumudzi amalandira m'makwacha.

Galamala sindikuiopa kwenikweni. Mantha anga ali pa chigawo cholankhula, pamene udzakhale maso ndi maso ndi woyesa, wina ali pambali akulemba. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndikamawoloka mlatho wakale wa Aroma pa mtsinje wa Tormes, chipewa chili m'makutu, ndimayenda ndikunena ndekha mokweza: perro, carro, tierra, ferrocarril. Anthu oyendetsa agalu awo anazolowera, ndipo bambo wina wachikulire amene timakumana pakati pa mlatho anayamba kundiimitsa kuti ndibwereze pamene r sanamveke.