Kiyi Ali Kudzala

Lero pulogalamu yathu ikutitengera ku Newport, mzinda wa kum'mwera kwa Wales, ku Britain. Tikafika kumeneko tilunjika kudzala.

Dzala limeneli amalitcha Docksway, ndipo muli zinyalala zolemera matani oposa 1.4 miliyoni: matewera, zitini, mabotolo, zakudya zowola, zonse zokwiriridwa ndi dothi n'kupondedwa ndi zimakina. Penapake mkati mwa mulu umenewu muli kachitsulo kokwana m'thumba la malaya. Mwini wake, Bambo James Howells, akuti m'kachitsuloko muli kiyi wa mabitcoin 8,000, ndalama za pa intaneti za mtundu wa crypto.

Nkhani ya ndalama za crypto ikafika pa wailesi, timangokamba za mtengo basi. Wakwera, watsika, wakweranso. Zoona, mtengo wake ndi wosapanganika: mu Novembala 2021 bitcoin imodzi inayandikira madola 69,000, patangotha chaka inali pansi pa madola 16,000, ndipo mu Disembala 2024 inadutsa madola 100,000. Zimenezi anyamata ogula crypto pa foni amazidziwa kuposa ife. Chomwe chimatidandaulitsa ife okonza pulogalamu ino n'chakuti za kasungidwe palibe amene amazikamba.

Bambo Howells ndi katswiri wa makompyuta. Mu 2009, bitcoin itangoyamba kumene, anali m'gulu la anthu ochepa kwambiri amene ankasiya laputopu ikugwira ntchito usiku wonse kuti ipange ndalamazi. Nthawi imeneyo sizikanagula ngakhale buledi. Tsiku lina anatayira chakumwa pa laputopu ija, ndipo ataiphwasula anasunga hard drive yake, kachitsulo kaja, m'dirowa. Inakhala mmenemo mpaka 2013, pamene akukonza m'nyumba anaiika m'jumbo lakuda la zinyalala, poganiza kuti ndi ina yopanda kanthu. Mayi amene ankakhala naye nthawiyo ananyamula jumbo lija, nakalitaya ku Docksway. Pamene mwini wake ankadzidzimuka, chakumapeto kwa chaka chomwecho, chuma chija chinali chitafika pa mapaundi oposa 4 miliyoni.

Apa tcherani khutu, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. Ndalamazo sizili kudzala. Mabitcoin amalembedwa m'kaundula wa pa intaneti wotchedwa blockchain, amene aliyense angathe kumuwerenga. Bambo Howells akhoza kutsegula kompyuta m'mawa uliwonse n'kuziona ndalama zawo, zili phee, palibe wazikhudza, mtengo ukungosintha. Chomwe chinatayidwa ndi kiyi, mndandanda wautali wa manambala ndi zilembo, umene popanda iwo sangasunthe ngakhale kachidutswa. Ndipo kulibe ofesi, kulibe manijala, kulibe nambala yoimbapo. Ukaiwala pini ya Mpamba kapena Airtel Money, umatenga chiphaso n'kupita ku shopu ya kampaniyo, amakukonzera. Amene anayambitsa bitcoin anachita kufuna kuti pasakhale munthu wa mphamvu yotero.

Ndiye bamboyu anayamba kupempha. Anapempha khonsolo ya Newport kuti imulole kukumba. Inakana. Mu 2021 anati akapeza kachitsuloko, gawo limodzi mwa magawo anayi a chumacho alipereka kwa anthu a mzindawo. Inakana. Mu 2022 anabwera ndi pulani yodya mapaundi pafupifupi 10 miliyoni, ya anthu omuthandiza ndalama: akatswiri okumba madzala, makina osefa zinyalala pa lamba mothandizidwa ndi kompyuta, ngakhale maroboti oyenda ndi miyendo inayi ngati agalu, olondera malowo usiku. Anawerengera tsiku limene jumbo linatayidwa, nati malo oyenera kufufuzamo ndi a zinyalala zolemera matani pafupifupi 100,000 okha. Okha! Taganizani munthu wakhala pa tebulo, mapu a dzala atayala patsogolo, akulemba kuti zinyalala za chaka chakuti zili apa, za chaka chakuti zili apo. Zaka zikupita, ana akukula, iye maso ali pa mulu umodzi.

Khonsolo inali ndi mfundo zake, ndipo tisazinyoze. Kufukula dzala lakale kumatulutsa mpweya woipa ndi madzi apoizoni, ndipo chilolezo choyendetsera malowo sichilola zimenezo. Palibenso wotsimikiza kuti kachitsulo kokhala m'chinyontho zaka zonsezi kangawerengeke. Komabe ife, kunena zoona, mtima wathu uli kwa bamboyu. Sanabere munthu. Sanachite juga. Anangosokoneza tizitsulo tiwiri tofanana.

Mu 2024 anakasuma, kufuna kuti amulole kukumba kapena amulipire mapaundi 495 miliyoni. Mu Januwale 2025, Woweruza Keyser, ku bwalo lalikulu la milandu mu Cardiff, anauthetsa mlanduwo usanayambe n'kuzengedwa komwe. Lamulo limati chimene chatayidwa kudzala la khonsolo chimasanduka cha khonsolo. Nthawi imeneyo chumacho chinali pa mapaundi pafupifupi 600 miliyoni. Patangopita mwezi, bamboyu anali akukamba zogula dzala lonselo.

Kwa inu amene mwangotsegula wailesi, tikukamba za munthu amene ndalama zake akuziona koma kiyi anautaya. Sali yekha. Bambo Stefan Thomas, wolemba mapulogalamu a kompyuta ku San Francisco, anaiwala mawu achinsinsi a kachipangizo ka IronKey momwe muli kiyi wa mabitcoin 7,002. Kachipangizoko kamalola kuyesa ka 10 kokha, kenako kamadzitseka mpaka kalekale. Pamene nkhani yake inkamveka mu 2021, anali atatsala ndi mwayi uwiri.

Wina anena kuti, ndiye bwanji osasungitsa kwa makampani ogulitsa crypto? Ambiri amatero. Koma kampani ya Mt. Gox ya ku Tokyo inagwa mu 2014, mabitcoin pafupifupi 850,000 atasowa. FTX inagwa mu Novembala 2022, ndipo mwini wake, Sam Bankman-Fried, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 25. Pafupi nafe pompano, ku South Africa, Mirror Trading International inkalonjeza phindu mwezi ndi mwezi kwa aliyense woikamo bitcoin n'kukopa anzake, mpaka inagwa mu Disembala 2020, mkulu wake Johann Steynberg atathawira ku Brazil.

South Africa inaphunzirapo. Mu Okotobala 2022, bungwe loyang'anira zachuma la FSCA linaika crypto pansi pa lamulo, ndipo makampani ogulitsa amayenera kukhala ndi chiphaso. Kuno kwathu, Reserve Bank of Malawi inachenjeza mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, ndipo wogula adziwe kuti zikavuta ndi zake. Chenjezolo ndi loona. Koma achinyamata athu ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni sanaleke kugula.

Waleti ya crypto ya masiku ano ikatsegulidwa imakupatsa mawu a Chingerezi 12 kapena 24, otengedwa pa mndandanda wa mawu 2,048. Mawuwo ndiye kiyi. Foni ikabedwa, umawalemba mu foni ina, ndalama zimabwerera. Wina akawaona, ndalama zapita. Achimwene, achemwali, musawajambule ndi foni, musawatumize pa WhatsApp, musawapereke kwa aliyense wodzitcha wothandiza makasitomala. Alembeni ndi bolopeni pa pepala, mapepala awiri, musunge malo awiri osiyana kumene chiswe ndi mvula sizifika.

Ndipo pali nkhani ina imene sitikonda kuitchula. Kwathu kuno timalira ndi achibale olanda chuma cha masiye, koma nyumba yolandidwa imakhalapobe, mayi wamasiye akhoza kukaimenyera kukhoti. Ndalama za kubanki ofesi ya Administrator General imatha kuzilondola. Mwana wanu amene ali ku Johannesburg, ngati malipiro ake akuwasunga m'waleti ndipo mawu aja ali m'mutu mwake mokha, tsiku la ngozi palibe mwinimbumba, loya kapena woweruza amene adzatulutse tambala. Tikupempha a banki yaikulu, aphunzitsi a zachuma ndi anzathu a mawailesi: pochenjeza, phunzitsaninso kasungidwe, ndipo phunzitsani m'Chichewa. Inunso amene muli ndi waleti, chonde, sankhani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumuuze kumene pepalalo lili ndi chimene adzachite nalo. Muuzeni sabata ino.