Kaundula wogobedwa pamiyala ku Thanjavur

Anthu akamakamba za kachisi wa Brihadisvara mumzinda wa Thanjavur, kumwera kwa India, amathamangira kutchula kutalika kwake. Sindikuwatsutsa. Nsanja yake imaposa mamita 60, ndipo Mfumu Rajaraja Woyamba wa ufumu wa Chola adamaliza kumanga kachisiyu m'chaka cha 1010 polemekeza Shiva, mmodzi mwa milungu ikuluikulu ya Ahindu. Koma ine chimene chimanditenga mtima chili m'munsi, m'zolemba za Chitamil zogobedwa kuzungulira maziko ake.

Zambiri mwa zolembazo ndi kaundula weniweni. Mfumuyo idalamula kuti mphatso zilembedwe pamwala: zake, za mlongo wake Kundavai, za akazi ake ndi za ena onse opereka. Muli mayina a akazi ovina pafupifupi 400, nyumba zawo ndi malipiro awo a mpunga. Ngakhale nyali adaiwerengera! Mbusa ankapatsidwa nkhosa 96, iye n'kumapereka mafuta a mkaka tsiku ndi tsiku kuti nyali imodzi isazime.

Mulinso amuna 48 olembedwa ntchito yoimba nyimbo za Tevaram. Nyimbozi adazipeka kalekale Appar, Sambandar ndi Sundarar, atatu mwa a Nayanar 63, olambira Shiva amene ankayendayenda akuimba m'Chitamil, chinenero cha kwawo, pomwe ansembe ankapemphera m'Chisanskrit. Apa ndimati Rajaraja adachenjera: adatenga nyimbo zokondedwa ndi anthu n'kuzipatsa malo ndi malipiro m'kachisi wa mfumu. Mpaka lero zimaimbidwabe m'akachisi a Shiva ku Tamil Nadu, chigawo chomwe kuli Thanjavur.