Chala cha azakhali chamasuka!

Mukadawaona azakhali anga a ku Kawale chaka chatha, mukadagwira pakamwa. Telala wodziwika ndi madiresi a ukwati, koma chala cha mphete cha kudzanja lamanja chinkawachitira mwano. Akachipinda chinkakanirira m'chikhatho, mpaka achite kuchikoka ndi dzanja linalo, n'kuwongoka kuti thwa, iwo nkhope tsinyaa. M'mawa ndiye zinkanyanya. Sizasi inawakanika, mbamu ya nsima ankaumba ndi lamanzere, ndipo amayi a pampopi anayamba kunong'ona kuti atelala anzawo awalodza chifukwa cha nsanje.

Ku chipatala cha Kamuzu Central adokotala anangopapasa patsinde pa chalacho n'kupeza kachotupa. Anati ndi trigger finger, vuto limene dokotala wa ku France, Alphonse Notta, analilongosola kalekale mu 1850. Limakonda amayi achikulire komanso odwala shuga.

Chimachitika n'chakuti mtsempha wopinda chala umadutsa m'kamphako kothina ka m'chikhatho kotchedwa A1 pulley. Ukamakhulana ndi makoma ake tsiku ndi tsiku, kamphakoko kamakhuthala. Pa maikulosikopu mnofu wake umaoneka utasinthiratu: pamachuluka maselo ofanana ndi a chicherewecherewe, ndipo m'kati mmene munali mosalala mumayamba kukhakhala. Mtsemphawo nawo umatupa, n'kumakodwa ngati ulusi wamfundo pa diso la singano.

Jakisoni wochepetsa kutupa anawapumitsako miyezi ingapo, vutolo n'kubwerera. Kenako opaleshoni. Anawabaya mankhwala a dzanzi m'chikhatho, n'kucheka kamphako kaja kuti mtsempha uzidutsa momasuka. Ali chigonere, adokotala anati, "Mayi, tapindani, tawongolani." Chala myaa! Azakhali anaiwala kuti ali m'chipatala, nthungululu lululu, anamwino n'kufa nazo nseko. Tsiku lomwelo anakwera minibasi kubwerera kwawo.

Lero kawaoneni! Sizasi ikulira pakhonde kuyambira mbandakucha, maoda akuchokera ku Biwi ndi ku Area 23, ndipo ku kwaya ya amayi woomba m'manja mokweza kuposa onse ndi iwowo. Aliyense wolowa pageti amayamba waonetsedwa kachipsera ka m'chikhatho asanapatsidwe mpando. Amayi a pampopi aja? Atatu asoketsa kale masuti a chinkhoswe.

Chala chanu chikayamba kukodwa, musathamangire kuloza anzanu ufiti. Pitani kuchipatala msanga, mukayezetsenso shuga.