Kodi kufiira kwa phwetekere kuli kuti?

Aliyense amavomereza kuti phwetekere wakupsa ndi wofiira. Koma chimene chimachoka pa phwetekereyo n'kulowa m'diso ndi kuwala basi. Kufiirako amapanga ndi ubongo.

Mu 1666, Isaac Newton anadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la mbali zitatu, kuwalako n'kugawika m'mitundu ya utawaleza. Lero tikudziwa kuti kuwala kumayenda ngati mafunde, ena aatali ena aafupi, ndipo munthu amaona okhawo a utali wa pakati pa mananomita 380 ndi 750. Phwetekere amamwa mafunde aafupi n'kubweza aatali. Ntchito yake imathera pomwepo.

Yotsalayo imagwiridwa m'thupi mwathu. Mkati mwa diso, chakumbuyo, muli maselo pafupifupi 6 miliyoni otchedwa cones, omwe ali m'magulu atatu: lina limamva kwambiri mafunde aafupi, lina apakati, lina aatali. Ubongo umayerekeza uthenga wa magulu atatuwa n'kugamula kuti ichi n'chofiira, icho n'chachikasu.

N'chifukwa chake maso osiyana amaona dziko mosiyana. Galu ali ndi magulu awiri okha, choncho zofiira ndi zobiriwira zimamusokoneza. Njuchi imaona kuwala kwa ultraviolet pa maluwa, komwe ife sitikuona n'komwe. Anthu enanso amabadwa gulu lina la maselowa lisakugwira bwino ntchito, monga katswiri wa ku England John Dalton, yemwe anafotokoza vuto lakeli mu 1794. Vutoli limagwira amuna kwambiri chifukwa limayenda ndi chromosome ya X, yomwe mwamuna amakhala nayo imodzi yokha, yochokera kwa mayi ake. Palinso odwala sitiroko amene maso awo ali bwinobwino, koma zonse amaziona zotuwa chifukwa mbali ya ubongo yozindikira mitundu inawonongeka.

Tsono yankho n'lakuti kunja kuli kuwala ndi zinthu zokubweza, koma mtunduwo umabadwira m'diso ndi mu ubongo.

Nkhaniyi imakhudzanso umoyo. Mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa ethambutol nthawi zina amavulaza mtsempha wa diso, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zoyambirira n'kulephera kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Matenda a shuga nawonso amasokoneza kaonedwe ka mitundu. Mukaona kuti mitundu yayamba kuzilala kapena kusokonekera m'maso mwanu, musachedwe, pitani kuchipatala akakupimeni.