AKAZI ACHISILAMU OULUTSA NDEGE ZANKHONDO: KODI MWANA WA KU SALIMA ANGAFIKEKO?

Boma la Salima limadziwika ndi zinthu ziwiri, nyanja ndi asilikali. Kuno n'kumene kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO, yomwe kale inkatchedwa Kamuzu Military College, ndipo ku Senga Bay kuli gulu la asilikali odumpha m'ndege ndi parachuti. Ana athu amakula akuona asilikali pamsika, padepoti, ngakhalenso mumzikiti tsiku la Jumu'a. Chiyambire pamene gulu lankhondo la dziko lino linayamba kulemba akazi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ena mwa ovala yunifomuwo ndi atsikana. Choncho si zachilendo lero kumva mtsikana wa Fomu 2 akuuza makolo ake kuti iye akufuna kudzakhala msilikali, mwinanso kudzaulutsa ndege.

Makolo ambiri tikamva mawu otere timangoseka, ena timachita kukalipa. Timati, "Mwana wamkazi wachisilamu ndi ndege yankhondo, zinachitikapo kuti?" Abale ndi alongo, zinachitikapo ndithu, ndipo zikuchitikabe m'maiko amene anthu ake ambiri ndi Asilamu. Ndi bwino tizidziwe tisanamuyankhe mwanayo.

ZINAYAMBIRA KU TURKEY

Mabuku ambiri a mbiri amati mkazi woyamba pa dziko lonse lapansi kuulutsa ndege yomenyera nkhondo anali wa ku Turkey, dzina lake Sabiha Gökçen. Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1913 ndipo makolo ake anamwalira iye akadali wamng'ono. Mtsogoleri wa dzikolo, Mustafa Kemal Atatürk, anamutenga n'kumulera ngati mwana wake. Pofika 1937 Sabiha anali atamaliza maphunziro a ndege zankhondo. Anamwalira mu 2001, ndipo limodzi mwa mabwalo akuluakulu a ndege mumzinda wa Istanbul limatchedwa ndi dzina lake.

Kuno ku Africa, dziko la Somalia linali ndi mkazi woulutsa ndege za asilikali kale mu 1976, Asli Hassan Abade. Ku Nigeria, Kafayat Sanni anavekedwa chizindikiro cha woulutsa ndege zankhondo mu Okutobala 2019, woyamba mwa akazi a dzikolo. Ku Indonesia, dziko la Asilamu ochuluka zedi, Ajeng Tresna Dwi Wijayanti anachita chimodzimodzi mu 2020.

MWANA WAMASIYE WA KU PAKISTAN

Nkhani imene ingatikhudze kwambiri ife ndi ya ku Pakistan. Mu 2006 atsikana anayi anamaliza maphunziro oulutsa ndege zankhondo pa sukulu ya asilikali ya Risalpur. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, mu 2013, Ayesha Farooq anakhala mkazi woyamba m'dzikomo kupambana mayeso onse omuyenereza kupita kunkhondo yeniyeni ndi ndege. Anali ndi zaka 26.

Ayesha sanabadwire m'nyumba yachifumu. Kwawo ndi m'chigawo cha Bahawalpur, ndipo bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu. Analeredwa ndi mayi ake, mayi wamasiye ngati amayi ambiri amene timawaona akuyanika usipa pathandala ku Lifuwu kapena ku Chipoka. Ndege imene ankaulutsa ndi F-7PG yopangidwa ku China. Pa zithunzi zimene zinafala m'manyuzipepala a dziko lonse, Ayesha ankaoneka atavala yunifomu ya asilikali, mpango uli kumutu, chisoti cha m'ndege chili pafupi. Hijabu ndi chisoticho sizinakanganepo.

Ku United Arab Emirates nako kuli Mariam al-Mansouri wa ku Abu Dhabi. Iye atamaliza maphunziro a ku yunivesite anapeza kuti akazi saloledwa kuphunzira za ndege zankhondo. M'malo motaya mtima, anayamba wagwira ntchito ya mu ofesi ku likulu la asilikali mpaka lamulo litasintha. Anamaliza maphunziro a ndege mu 2007, ndipo mu Sepitembala 2014 anatsogolera ndege za dziko lake za mtundu wa F-16 pokaphulitsa malo a gulu la zigawenga la ISIS ku Syria. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

NTCHITOYI NDI YOTANI?

Kuulutsa ndege yankhondo sikufanana ndi kuyendetsa minibasi ya pa Kamuzu Road. Ndege ya F-16 imatha kuthamanga makilomita opitirira 2,000 pa ola limodzi. Paliwiro lotere, mtunda wochoka ku Salima kukafika ku Lilongwe ungathe m'mphindi zitatu zokha, tiyi asanazizire m'kapu.

Ndege yotere ikamakhota mwadzidzidzi, thupi la woiulutsa limalemera kwambiri, mwina mpaka kasanu n'kanayi kuposa kulemera kwake kwa masiku onse. Magazi amathawa kumutu n'kuthamangira kumiyendo, maso amachita mdima, ndipo munthu akhoza kukomoka. N'chifukwa chake amavala chovala chapadera chimene chimafufuma ndi mpweya n'kufinya miyendo ndi mimba kuti magazi asatsike. Amaphunziranso kulimbitsa minofu ndi kupuma mwa njira yake. Zonsezi zikuchitika, iye akuyenera kuwerenga manambala ali patsogolo pake, kumvera wailesi, kuwerengera mafuta otsala ndi kudziwa kumene kuli mnzake ndi kumene kuli mdani.

Apa tikuona kuti ndege siifunsa ngati wakhala pampando ndi mwamuna kapena mkazi. Imafuna maso akuthwa, thupi lathanzi, mtima wosatekeseka ndi mutu wodziwa masamu. Msodzi amene amawerenga mitambo n'kudziwa kuti mwera ukubwera, ndipo amatembenuza bwato mafunde asanakule, akudziwa kale kuti mphatso zoterezi Allah amazipereka kwa amene wamufuna.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Tisanamizane kuti ntchitoyi ndi ya ulemerero wokhawokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa 24 Novembala 2015, Marium Mukhtiar wa ku Karachi, mtsikana wa zaka 23, anali paulendo wophunzira pamene ndege yake inachita vuto mlengalenga pafupi ndi Kundian. Iye ndi mphunzitsi wake anadumpha. Mphunzitsiyo anapulumuka, koma Marium anamwalira. Anali mkazi woyamba woulutsa ndege zankhondo ku Pakistan kufera pantchito.

Palinso nkhani ina yolemera kuposa imfa ya woulutsayo. Ndege yankhondo imanyamula mabomba, ndipo bomba silisankha. Sabiha Gökçen yemwe uja anatenga nawo mbali pophulitsa dera la Dersim mu 1937, pamene boma la Turkey linkathana ndi anthu a kumeneko amene analiukira. Anthu wamba ambirimbiri anafa pa nkhondo imeneyo, ndipo mpaka lero mbumba zawo sizimva kukoma likatchulidwa dzina lake. Chisilamu chimaletsa kupha amayi, ana ndi okalamba amene sakumenya nawo nkhondo. Lamulo limeneli limamanga msilikali wamkazi monga momwe limamangira wamwamuna, ndipo aliyense adzayankha yekha pamaso pa Mlengi.

Si maiko onse a Asilamu amene amalandira ana awo aakazi otere ndi manja awiri. Niloofar Rahmani wa ku Afghanistan atamaliza maphunziro oulutsa ndege za asilikali mu 2013, iye ndi banja lake anaopsezedwa kuti aphedwa, mpaka anakapempha malo okhala ku America. Gulu la Taliban litatenganso boma mu 2021, linatseka sukulu za sekondale kwa atsikana. Asilamu ambiri pa dziko lapansi, kuphatikizapo mashehe akuluakulu, anadzudzula mchitidwe umenewu.

NANGA MBIRI YA CHIPEMBEDZO CHATHU?

Ana a kumadrasa amadziwa za nkhondo ya Uhud ya m'chaka cha 625. Mayi wina wa ku Madina, Nusaybah bint Ka'b, anapita kumeneko kukamwetsa madzi asilikali. Zinthu zitathina, Asilamu ambiri atabalalika, iye anatola lupanga ndi chishango n'kuima pafupi ndi Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) kumuteteza, ndipo anavulala kwambiri. Mayi winanso, Rufaida al-Aslamiyya, anali ndi hema pafupi ndi mzikiti wa ku Madina momwe ankasamaliramo ovulala.

Ife a m'mbali mwa nyanja tikumbukirenso Umm Haram bint Milhan. Mayiyu atamva kwa Mtumiki kuti ena mwa omutsatira adzayenda panyanja pomenya nkhondo, anapempha kuti amupempherere akhale mmodzi wa iwo, ndipo Mtumiki anatero. M'nthawi ya Khalifa Uthman, Umm Haram anakweradi chombo pamodzi ndi mwamuna wake kupita pachilumba cha Cyprus, kumene anamwalirira. Manda amene amadziwika kuti ndi ake ali pafupi ndi mzinda wa Larnaca. Masiku amenewo chombo cha panyanja ndicho chinali chida chatsopano ndi choopsa, monga ilili ndege lero.

Ndi zoona kuti mashehe amasiyana maganizo. Ambiri amaphunzitsa kuti kumenya nkhondo si udindo umene unaikidwa pamapewa a mkazi, ndipo ena amada nkhawa ndi kavalidwe, maulendo ataliatali ndi kusakanikirana kwa amuna ndi akazi m'misasa ya asilikali. Nkhawa zimenezi si zopeputsa. Banja limene mwana wake akulakalaka usilikali lichite bwino kukhala pansi ndi shehe wodziwa, kufunsanso akazi amene ali kale pantchitoyo za momwe amasungira swala, Ramadhani ndi ulemu wawo. Koma kukambirana kumeneku kumafunika mwana amene ali ndi satifiketi m'manja. Amene anasiyira sukulu Sitandade 6 alibe choti n'kukambirana.

KUNO KWATHU ZILI PATI?

Dziko la Malawi lilibe ndege zomenyera nkhondo zamtundu wa F-16. Asilikali athu a ndege, omwe ali ndi bwalo lawo ku Zomba, amagwiritsa ntchito ndege zonyamula anthu ndi katundu. Komabe akazi a kuno anafika kale pampando wakutsogolo. Tonse tikukumbukira tsiku lachisoni la 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha anthu asanu ndi anayi, kuphatikizapo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Mmodzi mwa awiri amene ankaulutsa ndegeyo anali mkazi, Major Flora Selemani. Amalawi ambiri anadziwira pa maliro kuti gulu lathu lankhondo linali ndi mayi wodziwa ntchito yotere.

Ku ndege za anthu wamba, mu Malichi 2017 Captain Yolanda Kaunda ndi mnzake Lusekelo Mwenifumbo anaulutsa ndege ya Malawian Airlines kuchoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam, onse ogwira ntchito m'ndegemo ali akazi okhaokha. Kwa anansi athu ku Zambia, Thokozile Muwamba anatchuka chaka chomwecho monga mkazi woyamba wa dzikolo kuulutsa ndege yomenyera nkhondo.

M'MERA MPOYAMBA

Tikayang'ana akazi onsewa, a ku Pakistan, a ku Nigeria ndi a kuno kwathu, tipeza kuti anadutsa khomo limodzi, khomo la kalasi. Palibe amene analowa m'ndege asanakhoze masamu, sayansi ndi Chingerezi. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Maganga, Pemba, Kuluunda ndi Ngodzi.

M'nthawi ya atsamunda agogo athu ankakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza chipembedzo. Mantha awo anali omveka, koma mtengo wake tinaulipira zaka zambiri: maofesi, zipatala ndi makhoti zinadzaza popanda ana athu. Lero zifukwa zakalezo zinachepa. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asakwatiwe kapena kukwatira asanakwanitse zaka 18. Mu 2021 atsogoleri achisilamu ndi achikhristu anasainirana pangano lolola atsikana athu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma.

Chatsala ndi cha m'nyumba mwathu. Usipa ukagwa wambiri, ndani amene timamujombetsa kusukulu kuti akathandize kuyanika? Ndalama ya fizi ikapezeka ya mwana mmodzi, timayamba kuganizira ndani? Mlendo wochokera ku Joni akabwera ndi foni ndi nsalu, timamuyankha chiyani pa za mwana wa Fomu 1? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amasankha amene adzaulutse ndege ndi amene adzangoiloza ndi chala ikudutsa.

Sitikunena kuti mtsikana aliyense akhale msilikali. Mwa ana chikwi, mwina mmodzi yekha ndiye angafike m'ndege. Koma masamu omwewo amene amafunika m'ndege ndi amene amatulutsa dokotala wachizimayi amene amayi athu amamufuna m'chipinda chochilira, namwino, mphunzitsi wa sayansi ndi injiniya wa sitima ya panyanja. Mwana wolota ndege akalephera kufika kumwambako, adzatera pamalo abwino ndithu.

Choncho mtsikana wanu akadzakuuzani kuti akufuna kuulutsa ndege, musafulumire kumuseka. Mufunseni kuti masamu anakhoza bwanji teremu yatha. Muoneni ngati ali ndi nyali yowerengera usiku. Mupatseni nthawi ya madrasa ndi nthawi ya homuweki, ndipo mitolo ya nkhuni ndi ndowa za madzi agawane ndi alongo ake. Zotsalazo tizisiye m'manja mwa Allah, Mwini kudziwa zimene anamulembera mwana aliyense.